Njanji, Phiri ndi Kamera: Mafunso ndi Mayankho pa Kujambula Malo Kum'mwera kwa Niassa

Kodi kujambula malo n'kutani, ndipo kukusiyana bwanji ndi ntchito ina ya wojambula zithunzi?

Kujambula malo ndi mbali ya luso la zithunzi imene mutu wake waukulu ndi dziko lenilenilo, ndiko kunena mapiri, madambo, mitsinje, minda, misewu ndi zonse zimene zaimikidwa pamenepo, pomwe wojambula wa pa ukwati kapena wa nyuzipepala amasaka nkhope ya munthu ndi chochitika cha tsiku limenelo. Kwa nthawi yaitali anthu ambiri ankaganiza kuti chithunzi cha malo chimakoma pokhapokha mulibe chilichonse chopangidwa ndi manja a munthu, kotero kuti wojambula ankasendera uku ndi uku mpaka waya wa magetsi atatuluka m'chithunzimo, phiri n'kutsala lokha. Ojambula ena anaukana mchitidwe umenewu poona kuti umanama, chifukwa malo amene anthu akukhalamo masiku ano ndi osakanikirana, ndipo njanji, nsanamira ya netiweki ya foni ndi mtengo wa msuku zimaima pa nthaka imodzi. Ntchito ya wojambula wotere ndi kufunsa, kudzera m'chithunzi, kuti makina ndi chilengedwe zakumana motani pa malo akutiakuti, amene anaganiza zoti zikumane ndani, nanga amene akupindula kapena kuvutika ndi kukumanako ndani. Mawu oti makina pano akutanthauza zambiri kuposa injini: akuphatikiza njanji, misewu ya phula, madamu, mawaya, minda ya mitengo yobzalidwa m'mizere, ngakhalenso kamera imene ili m'manja mwa wojambulayo.

Kodi alipo wojambula wodziwika amene anathera zaka pa chigawo cha Niassa?

Dzina limene limabwera msanga ndi la Sérgio Santimano, amene anabadwa mu 1956 mu mzinda wa Lourenço Marques, womwe lero ndi Maputo. Anayamba ntchito ya zithunzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pa nyuzipepala ya Domingo, pansi pa Ricardo Rangel, yemwe ambiri amamutenga ngati kholo la ojambula a m'Mozambique, ndipo kenaka analowa ku AIM, bungwe la boma lofalitsa nkhani, kumene anajambula nkhondo ya pachiweniweni ndi njala imene inatsagana nayo. Mu 1988 anasamukira ku Sweden, koma pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 anayamba kubwerera kwawo kawirikawiri, n'kutembenukira kumpoto kwa dziko, choyamba ku Cabo Delgado, kenaka ku Niassa, kumene anayendako maulendo angapo pakati pa 2001 ndi 2005. Ntchito ya ku Niassayo anaitcha Terra Incognita, mawu a Chilatini amene olemba mapu akale a ku Ulaya ankalemba pa mbali za dziko zomwe iwo sankazidziwa.

Dzina limenelo liyenera kulingaliridwa bwino, pakuti Niassa sanakhalepo wosadziwika kwa Ayao, Amakua ndi Anyanja amene alima, kusodza ndi kuchita malonda m'menemo kwa zaka mazana ambiri. Anali wosadziwika kwa anthu a ku Maputo, amene ambiri mwa iwo ankamumva ngati malo akutali otayirako anthu, makamaka kuchokera mu 1983 pamene boma, pa ndondomeko yotchedwa Operação Produção, linasamutsira kumeneko anthu a m'mizinda omwe linkati alibe ntchito. Santimano ndi wojambula wa anthu kuposa wa malo, ndipo n'chifukwa chake ntchito yake ili yofunika pa nkhaniyi: iye anaphunzira kwa Rangel kuti dziko limawerengedwa kudzera mwa amene akukhalamo, ndipo wojambula malo amene angafike ku Mandimba kapena ku Cuamba osadziwa phunziro limeneli adzabwerera ndi zithunzi zokongola za dziko lopanda eni.

Pa nkhani ya makina enieniwo, chitsanzo chapafupi ndi Mauro Pinto, wobadwa mu 1974, amene anajambula migodi ya malasha ya m'chigawo cha Tete pa ntchito yotchedwa Blackmoney, ndipo anali mmodzi wa oimira Mozambique pa chionetsero cha zaluso cha ku Venice mu 2019. Malasha a ku Tete ndiwo amene amadutsa pa Cuamba.

N'chiyani chikupezeka ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba chimene chingakope wojambula wa mtundu umenewu?

Choyamba ndi njanji. Cuamba, imene pa nthawi ya Apwitikizi inkatchedwa Nova Freixo, ndi mphambano ya njanji zitatu: ina imachokera ku doko la Nacala kudzera ku Nampula, ina imalunjika kumadzulo kukalowa m'Malawi pa Entre Lagos ndi Nayuchi, ndipo inatsegulidwa mu 1970, pomwe yachitatu imakwera kumpoto mtunda wa makilomita pafupifupi 260 kukafika ku Lichinga, komwe inafika mu 1969 tauniyo ikutchedwabe Vila Cabral. Njanji ya ku Lichinga inaonongeka kwambiri pa nthawi ya nkhondo ndi zaka zotsatira, ndipo inatsegulidwanso mu 2016 itakonzedwa. Njanji ya kumadzulo ndiyo inasintha kwambiri maonekedwe a dera, chifukwa kampani ya ku Brazil ya Vale inaimanganso kuti izinyamula malasha kuchokera ku Moatize, kudutsa m'Malawi, mpaka ku Nacala-a-Velha, mtunda wa makilomita 912, isanagulitse ntchitoyo ku kampani ya Vulcan mu 2022.

Wojambula akaima pa mphambano ya njanji ndi msewu kunja kwa Cuamba amaona chinthu chimene ziwerengero za m'mabuku a zachuma sizionetsa bwino: mabogi a malasha akudutsa mondondozana kwa mphindi zingapo, onse ofanana, onse olunjika ku nyanja ya mchere, pomwe pambali paima munthu atagwira njinga yomangiriridwa matumba a makala, akudikira kuti sitima ithe. Malasha ndi makala ndi zinthu zapachibale, zonse zakuda ndipo zonse ndi moto wosungidwa, koma oyambawo akupita kukasungunula chitsulo kutsidya la nyanja, pamene achiwiriwo achokera m'nkhalango ya miombo kuti akaphikire nsima m'tauni momwemo. Chithunzi chimene chagwira ziwirizi pamodzi chanena za mphamvu zamoto m'Mozambique zambiri kuposa ndime yonse.

Chachiwiri ndi magetsi. Pa phiri la Mitucué, limene limaoneka kuchokera m'tauni ya Cuamba, pali damu ndi makina aang'ono opanga magetsi a madzi omwe anamangidwa ndi thandizo la Norway m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2023 pa Tetereane, kunja kwa tauniyo, panatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 19, okhala ndi mabatire osungira mphamvu, omwe anamangidwa ndi Globeleq, Source Energia ndi kampani ya boma ya EDM. Chachitatu ndi msewu wa N13, umene ukachoka ku Cuamba umadutsa pa Mandimba pafupi ndi chipata cha Chiponde cholowera m'boma la Mangochi, kukwera mapiri a Ngauma pa Massangulo mpaka ku Lichinga. Kwa zaka zambiri unali wa fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, ndipo phula lake ndi la zaka zaposachedwapa. Pa Massangulo pomwepo pali mishoni ya ansembe a Consolata imene inakhazikitsidwa mu 1928, ndipo njerwa zake zootcha nazonso ndi makina a nthawi yake, ngakhale maso anazolowera kuziona ngati mbali ya phiri.

Kodi maganizo ojambula mawaya ndi mafakitale ngati mbali ya malo anachokera kuti?

Olemba mbiri ya zithunzi amakonda kutchula chionetsero chotchedwa New Topographics, chimene chinachitika mu 1975 ku George Eastman House mu mzinda wa Rochester ku America, momwe ojambula monga Robert Adams, Lewis Baltz ndi Stephen Shore, pamodzi ndi Bernd ndi Hilla Becher a ku Germany, anaonetsa nyumba za m'mphepete mwa mizinda, mosungira katundu ndi zomanga za m'mafakitale, mosakometsa ndiponso mosadzudzula poyera. Pambuyo pake Edward Burtynsky wa ku Canada anatchuka ndi zithunzi zikuluzikulu za migodi ndi maiwe a zinyalala za m'mafakitale, zambiri zojambulidwa kuchokera m'mwamba.

Komabe kum'mwera kwa Africa kuno nkhaniyi ili ndi muzu wina umene suyenera kuiwalika. Atsamunda ankajambula njanji, milatho ndi minda ya makampani kalekale, koma ankatero pofuna kutsatsa malonda a ulamuliro wawo, ndipo chitsanzo chomveka ndi mabuku khumi a zithunzi za Mozambique amene José dos Santos Rufino anatulutsa mu 1929, chaka chomwecho chimene Companhia do Niassa, kampani imene inapatsidwa dera lonse la kumpotoli kuti iziliyendetsa ngati munda wake, inalibweza ku boma la Portugal. M'zithunzi zotere mlatho umaoneka waukulu, ndipo amene anasenza miyala yake, ambiri mwa iwo pa thangata lokakamiza limene ku Mozambique ankalitcha chibalo, amaoneka ngati timadontho kapena saonekamo n'komwe. Ojambula a ku South Africa monga David Goldblatt ndi Santu Mofokeng anasonyeza njira ina, yojambula malo ooneka ngati abata kenaka n'kulemba pansi pake mwatsatanetsatane zimene zinachitikira pamenepo. Wojambula wa lero ku Niassa ali pakati pa miyambo iwiriyi, ndipo chithunzi chake cha njanji ya malasha chingathe kugwera uku kapena uko malinga ndi pamene waima ndi zimene walemba.

Nanga mitengo yobzalidwa ndi makampani ndi chilengedwe kapena ndi makina?

Funso limeneli ndi lovuta kuposa ena onse, chifukwa apa ndi pamene kamera imanyenga mosavuta. Kuyambira cha m'ma 2005, bungwe la Malonda, limene linakhazikitsidwa ndi maboma a Mozambique ndi Sweden kuti likope amalonda ku Niassa, linathandiza kubweretsa makampani obzala paini ndi bulugamu, ndipo yodziwika kwambiri inali Chikweti Forests of Niassa, imene mu 2014 inalowa m'manja mwa kampani ya ku Norway ya Green Resources. Panabuka madandaulo ochokera kwa alimi ndi mabungwe awo onena za minda imene inatengedwa popanda kukambirana mokwanira. Kwa munthu woona chithunzi ali ku Stockholm kapena ku Maputo, phiri lodzaza bulugamu ndi lobiriwira, ndipo kubiriwira kumamveka ngati moyo. Kwa mayi wa ku Ngauma amene ankatolamo bowa, masuku, mankhwala ndi nkhuni, nkhalango ya miombo ndi munda wa bulugamu ndi zinthu zosiyana ngati msika ndi nyumba yotseka.

Wojambula wosamala amasonyeza kusiyanaku poyang'ana zimene diso la mlendo limadumpha. Miombo imamera mosalongosoka, mitengo yake ndi ya misinkhu yosiyana, ndipo chakumapeto kwa chilimwe, mvula isanagwe, imatulutsa masamba atsopano ofiirira amene pambuyo pake amasanduka obiriwira. Bulugamu wa kampani amaima m'mizere yoongoka, wa msinkhu umodzi, pansi pake pali mbuu ndi masamba ouma okha, ndipo m'mbali mwake mwalambulidwa njira yotchinga moto. Kamera ikaikidwa molunjika pakati pa mizere iwiri, mundawo umaoneka chimene uli, fakitale ya matabwa yopanda denga. Ikaikidwa patali, pa phiri lina, umaoneka ngati nkhalango. Pa zithunzi ziwirizi palibe chabodza, koma chimodzi chokha ndicho chikuuza woona chimene mwini dera akudziwa.

Kodi kamera yokhayo imasintha motani zimene zikuoneka?

Kamera siona monga diso la munthu, ndipo mbali yake imene imalamulira kwambiri ndi lenzi, galasi lakutsogolo limene limasonkhanitsa kuwala. Lenzi yokokera zakutali imachititsa zinthu zotalikirana kuoneka ngati zaunjikana, kotero kuti mapanelo a magetsi a dzuwa angaoneke ngati ali patsinde penipeni pa phiri pomwe pali mtunda wautali pakati pake. Lenzi yotambasula imachita zosiyana, imakulitsa chapafupi n'kukankhira phiri kutali mpaka lioneke ngati chulu. Motero kusankha lenzi ndi kusankha chiganizo, pakuti yoyamba ikunena kuti makina apanikiza chilengedwe, pomwe yachiwiri ikunena kuti makina aima paokha.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene tchire likutenthedwa ndipo malupsa ali ponseponse, mpweya umadzaza utsi ndi fumbi, mapiri akutali amazimirira ndipo dzuwa limalowa lofiira ngati khala la moto. Miyezi ya Epulo ndi Meyi, mvula itangoleka, mpweya umakhala woyera ndipo matanthwe a mapiri a ku Cuamba amaoneka mpaka ming'alu yake. Ojambula ambiri amathamangira m'bandakucha ndi madzulo chifukwa kuwala kwa nthawi imeneyo n'kofewa, koma pali chifukwa chojambuliranso masana dzuwa lili paliwombo, popeza ndiko kuwala kumene wolima fodya ndi thonje amagwiriramo ntchito, ndipo dera lojambulidwa madzulo okhaokha limaoneka lachifundo kuposa mmene liliri. Fumbi la m'chilimwe limalowanso m'kamera nthawi iliyonse lenzi ikasinthidwa panja, n'kusiya timadontho pa thambo la chithunzi chilichonse.

Kodi ma droni ndi zithunzi za satelaiti sizikutha ntchito ya wojambula woyenda pansi?

Droni, kandege kakang'ono koulutsidwa ndi munthu ali pansi, katsitsa mtengo wa chithunzi cha m'mwamba, chimene kale chinkafuna ndege yeniyeni, ndipo masatelaiti a Landsat akhala akujambula dziko lapansi kuyambira mu 1972, kotero kuti kutha kwa nkhalango m'mbali mwa msewu wa N13 kungathe kutsatidwa chaka ndi chaka ndi munthu amene sanapondeko. Zida zimenezi zimaonetsa kukula kwa chinthu, koma zimabisa chifukwa chake. Kuchokera m'mwamba, munda wa chimanga, manda a makolo ndi malo ongogonera ng'ombe zimaoneka ngati zigamba za mtundu umodzi, ndipo kuona kotereku n'kumene kunathandiza kuti dera la njanji ya Nacala lizinenedwa kuti lili ndi nthaka yambiri yosagwiritsidwa ntchito, mawu amene anamveka kwambiri pa nthawi ya ProSAVANA, ndondomeko ya ulimi ya maboma a Mozambique, Brazil ndi Japan imene alimi ang'onoang'ono anaitsutsa mpaka inathetsedwa mu 2020. Munda wogonekedwa kuti nthaka ipume si munda wopanda mwini, koma satelaiti siingadziwe zimenezo; amadziwa ndi amene wafunsa kwa amfumu. Kuulutsa droni m'Mozambique kumafunanso chilolezo cha boma, ndipo pafupi ndi malire a dziko, monga pa Mandimba, ndi nkhani yosayenera kuichita mwachibwana.

N'chifukwa chiyani ojambula a mtunduwu amabwerera pa malo amodzi kwa zaka zambiri?

Chifukwa chakuti kusintha kwa malo sikuoneka pa chithunzi chimodzi. Njira imene akatswiri amaitcha kujambula kobwereza ndi yoima pa malo omwewo, ndi lenzi yomweyo, pa nyengo yomweyo, patapita chaka kapena zaka khumi, kenaka n'kuika zithunzizo pambali ndi pambali. Kum'mwera kwa Niassa njirayi ndi yoyenera kwambiri pa nyanja zosaya za m'malire: Chiuta ndi Amaramba, kumene mtsinje wa Lugenda umayambira ulendo wake wopita ku Rovuma, ndi Chilwa, imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995 ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Njanji ya ku Nayuchi imadutsa pa kamtunda ka mchenga kolekanitsa Chilwa ndi Chiuta, ndipo dzina la siteshoni ya mbali ya Mozambique, Entre Lagos, limatanthauza pakati pa nyanja. Wojambula amene anafika chaka cha chilala yekha adzati nyanja yafa, wofika chaka cha namondwe monga Freddy wa mu 2023 adzati madzi alanda dziko, pomwe asodzi a m'deralo amadziwa kuti nyanjazi zimapita ndi kubwerera, ndipo funso lenileni ndi lakuti kodi kupitako kukuchuluka kuposa kale.

Kodi zithunzi zimenezi amaziona ndani, ndipo eni malo ali ndi gawo lanji?

Nthawi zambiri amaziona ndi anthu akutali, chifukwa mabuku a zithunzi ndi okwera mtengo ndipo zionetsero zimachitikira ku Maputo, ku Bamako, ku Lisbon kapena ku Venice. Malo aakulu osungira zithunzi m'Mozambique, amene Ricardo Rangel anawatsogolera kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mpaka imfa yake mu 2009, ali ku Maputo, mtunda wa masiku angapo pa msewu kuchokera ku Cuamba. Pa chifukwa chimenechi pali mwambo umene ojambula osamala amausunga: kuyamba kwa amfumu ndi akuluakulu a dera asanatulutse kamera, kufotokoza kumene zithunzi zikupita, kupewa manda ndi malo a miyambo monga kumene kukuchitikira jando pokhapokha eni atalola, kulemba dzina la malo monga eni ake amalitchulira, ndi kubweretsa zithunzi zotsukidwa pa ulendo wotsatira.

Pakali pano ojambula ochuluka kwambiri a derali ndi eni ake omwe, pogwiritsa ntchito mafoni. Wakabaza wa pa Mandimba akajambula mlatho umene madzi akokolola n'kutumiza pa WhatsApp kuti anzake asadzere njira imeneyo, wajambula makina ndi chilengedwe pa malo amodzi, pa tsiku lodziwika, ndipo watero ndi cholinga chomveka. Vuto la zithunzi zoterezi ndi kusakhalitsa, pakuti foni ikagwera m'madzi, ikabedwa kapena ikadzaza, zimafufutika, ndipo WhatsApp imazichepetsa kotero kuti sizingakulitsidwe bwino pa pepala. Masukulu a m'derali, kuphatikizapo nthambi ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique imene ili ku Cuamba, ndi malo amene zithunzi zotere zingasonkhanitsidweko, chilichonse chikulembedwa tsiku, dzina la mudzi ndi mbali imene kamera inaloza, kuti wobwera patatha zaka makumi awiri adzathe kuima pomwepo n'kujambulanso.